Zigubu za Mlonda wa Mphesa

Kwathu ku Birir mphesa sizithyoledwa chisawawa. Zipse, zitsekemere mpaka mavu aledzere nazo, iwe manja kumbuyo kufikira tsiku limene akuluakulu alengeze. Chaka chimenecho mlonda wa mphesa anali mlamu wanga Mirzamas, munthu woti ukam'patsa ndodo amayenda ngati anabadwa nayo.

Anandigwira ndi tsango limodzi. Limodzi lokha! Linali litatsala pang'ono kugwa, ine n'kungolithandiza.

"Alamu, lamulo lilibe chibale," anatero. "Chindapusa chake ndi mbuzi."

Mbuzi ya mkaka ndinali nayo imodzi, ndipo ana anga ankadalira yomweyo. Mtima unandipweteka kwambiri.

Mlandu unakambidwa pakhonde la Mirzamas, dzuwa likuswa mtengo. Mkulu Katasing ndi anzake anakhala tsonga, mlamu wanga n'kuyamba kutiphunzitsa zomwe tonse tinkazidziwa: kuti makolo ankadikira, n'kuthyola tsiku limodzi, amuna n'kusamba mapazi, n'kuponda mphesa pamwala woponderapo, madzi ake n'kuwasiya awire, asanduke vinyo, mpaka nyengo yachisanu.

"Wosadikira ndi mbala!" anakuwa, chala chili pa ine.

M'nyumba mwake munamveka phuu! Nkhuku zinabalalika. Pansi pa chitseko panatuluka madzi ofiira a thovu, fungo lake losafunsa.

Kani mlonda wathuyu anathyola zake sabata yathayo, n'kupondera m'beseni, n'kuthira m'zigubu zapulasitiki, n'kumanga zitsekero zolimba kuti fungo lisamuulule. Chonsecho aliyense kuno amadziwa kuti madzi a mphesa akamawira amafuna popumira. Ukawatseka pakamwa amadzitsegulira okha.

"Ndi mankhwala a nsikidzi amenewo," anatero Mirzamas, mawu ali pansi.

Katasing anaviika chala n'kunyambita. "Nsikidzi zako zili ndi mwayi, mwana wanga. Zatsala zigubu zingati?"

"Zitatu."

Ndinaseka mpaka misozi. Ndinati basi, mbuzi yanga yapulumuka.

Akuluakulu anagwirizana kuti zinthu zoswa mwambo siziyenera kukhala m'mudzi, zithe lero lomwe. Anaitanitsa makapu. Ankamwa akukwinya nkhope, akudandaula kuti mphesa zosapsa zimatulutsa vinyo wowawasa, koma palibe anabweza kapu. Chigubu chachiwiri chitafika pakati, Katasing anadzigwira pamimba.

"Wowawasa chonchi sakomera m'mimba mopanda kanthu. Ija mbuzi ya mlandu ili kuti?"

"Bambo, nanga awa?" ndinafunsa, ndikuloza Mirzamas. "Ine tsango limodzi, iwo zigubu zinayi!"

"Iyeyu walipira kale. Nanga tikumwa chiyani? Iwe mphesa zako unadya wekha, sunatigawireko."

Onse anavomera kuti mkulu waweruza mwanzeru. Mpeni anagwira ndi Mirzamas. Kwa ana anga ndinapita ndi chikopa.