Mabatire Padenga la Khola

Tsiku la Stelia linkayambira kumjigo. Akabwerako ankasesa pabwalo, kuchapa matewera a Dalitso, kuphika phala, kenako kutsegulira nkhuku n'kuziwazira madeya. Ntchito yomalizayi ndi imene inayamba kumuwawa mtima, chifukwa madeya ankatsala pansi. Zodya madeyazo zinkatha.

Nkhukuzo zinali zake. Anaziweta yekha kuchokera pa msoti umodzi umene anasinthanitsa ndi nandolo ku Chifunga. Koma chiyambire nyengo yotentha, pakangopita masiku angapo, imodzi inkasowa. Nthenga pansi panalibe, ndiye sanali vumbwe. Kabawi naye sanyamula tambala wamkulu. Mapeto ake linatsala thadzi limodzi lamawanga, limene linkafungatira mazira.

"Ndi anthu amenewa," anatero mwamuna wake Laimoni, maso ali pa gemu. "Chibwerere matipate munthu saopanso kanthu."

Gemuyo anasiya ndi Gerishon, mkulu wake wa Laimoni, atabwera kutchuthi kuchokera ku Joni. Kanali kabokosi kokwana m'manja, kokhala ndi kagalasi ndi mabatani. Gerishon ankati ndi ya ku Japani, yakale ndithu, iye anaionapo pa kanema kwa abwana ake, koma eni ake anaikonzanso, kuipaka mitundu n'kuilowetsa m'kabokosi. M'kati mwake munali kamunthu ka lupanga kamene kankayenda m'midzi ndi m'mapanga kumenyana ndi zilombo. Gerishon anabwerera asanaphunzitse mng'ono wake bwinobwino, ndipo Laimoni akangoizimitsa, ulendo wonse unkafufutika n'kuyambiranso pamudzi woyamba. Ndiye sankaizimitsa. Ankaisiya ikuyaka mpaka mabatire athe okha.

"Bambo a Dalitso, tandigwirirani mwanayu ndikatole nkhuni."

"Nkhondo ili mkati, mayi. Ndikangochotsa chala andipha."

"Nanga mabatire mukuwatenga kuti, eti?"

"Achimwene anandisiyira ambiri."

Stelia anangoti chabwino, poti maganizo ake anali kwina. Kuseri kwa mpanda kunkakhala Yunike, mnzake amene ankamusungira Dalitso iye akapita kuchigayo. Yunike analibe khola. Koma Lamulungu lina fungo la nkhuku yokazinga linadumpha mpanda, n'kumupeza Stelia akusenda chinangwa. M'mawa mwake kumjigo, pamzere pali amayi ambiri, Stelia analankhula ngati akuuza ndowa yake.

"Ena ali ndi mwayi. Khola alibe, koma mano amatsuka ndi msuzi wa nkhuku."

Yunike anasiya kupopa. "Mukunena ine, make Dalitso? Nkhuku ija anandibweretsera ndi alamu anga a ku Matope. Nthenga zake zili kudzala, kazioneni nokha."

Stelia anapitadi kukaona. Nthenga zinali zoyera, pomwe yake yosowayo inali yofiira. Komabe mumtima anati wakuba wochenjera nthenga amasintha. Kuyambira tsiku limenelo Yunike moni anasiya, ndipo kuchigayo Stelia ankapita mwana kumbuyo, thumba pamutu.

Tsiku lina masana Laimoni anati akupita kukaona kumunda. Stelia akuyanika ufa pamphasa anamva kanyimbo kakang'ono ngati ka udzudzu, kochokera pansi pa nkhokwe. Anagwada, n'kupeza gemu ija itakulungidwa m'malaya akale, ikuyaka, kanyali kake kofiira kakuoneka kofooka. Pagalasi panali chilombo chobiriwira cha mano awiri, chitaima kutsogolo kwa kamunthu kaja.

Anadikira kuti chimudye. Chilombo chinangoima.

Anaiika pamtondo, n'kupita kukatembenuza ufa, kuthamangitsa mbuzi ya eni ake, kumwetsa Dalitso madzi. Pobwera anapeza chilombo chidakaima pomwe paja, kamunthu kali bwinobwino.

"Kodi iwe, ndiwe amene umapha anthu akachotsa chala?" anachifunsa.

Anadina batani. Kamunthu kanatema ndi lupanga. Chilombo nacho chinaluma kamodzi, n'kuimanso. Anadinanso, zinachitika chimodzimodzi: iye kamodzi, icho kamodzi, kenako kudikira. Inali ndewu yaulemu, yopatsana mpata ngati bawo. Munthu ukhoza kukatola nkhuni, kukasamba, ngakhale kukalima mizere ingapo, mdani ali chiimire. Atadina kachitatu chilombo chinagwa, ndipo Stelia anadzipeza akumwetulira. Anafulumira kubweza nkhope.

Ngati zakuphedwa zija linali bodza, nanga za mabatire? Anakumbukira kuti mabatire a wailesi akatha, Laimoni amawaluma n'kuwayanika padzuwa kuti abwerere mphamvu. Anayang'ana padenga la nyumba, panalibe. Padenga la khitchini, panalibe. Anakwera pamtondo n'kusuzumira padenga la khola, mbali yoyang'ana kuthengo. Anali pamenepo, timabatire tating'ono tolumidwalumidwa, tondanda mu udzu ngati mbewa zoyanika. Anali ambiri oti sakanakwana m'thumba la Gerishon. Ena anali ndi pepala la mtengo lolembedwa ndi dzanja la a Zefaniya, a golosale ya ku Lisungwi, amene aliyense ankadziwa kuti amalandira nkhuku m'malo mwa ndalama.

Asanatsike pamtondo anamva thadzi likulira m'khola. Anazungulira pang'onopang'ono, gemu ili m'manja. Laimoni anali atagwada pakhomo la khola, thadzi lamawanga lili kukhwapa, thumba lili pakamwa, njinga yotsamira pamtengo wa nachesi.

"Kumunda kuli bwanji, bambo a Dalitso?"

Thumba linagwa. "Ndimati ndilione nsabwe. Likudzikanda kwambiri."

"Nsabwe zake mukakazionere kwa a Zefaniya?"

Laimoni anaona chimene chinali m'manja mwa mkazi wake, ndi chala chimene chinali pa kabatani kozimitsira. Nkhope yake inasintha.

"Mayi, musakhudze pamenepo. Ndafika kuphanga lachitatu. Sindinafikepo chiyambire."

"Chilombo chanu chobiriwira ndachipha kale. Chinandidikira mpaka ndinatembenuza ufa. Chili ndi khalidwe kuposa anthu ena." Anakweza gemu m'mwamba. "Ine ndamenya mbali yanga. Tsopano ndi inu. Ndikudikira."

Anakhala choncho, wina ndi thadzi, wina ndi gemu, Dalitso akuyamwa chibakera kumbuyo. Laimoni anayang'ana njinga, anayang'ana kanyali kofiira, kenako anabweza thadzi pa mazira ake mosamala ngati akugoneka mwana. Atatambasula dzanja kuti alandire chake, kanyimbo kanakoka mawu, galasi n'kuzima lokha.

"Si ine," anatero Stelia. "Koma mukanakhala kuti mwanyamuka, ku Lisungwi ndi kutali. Mukanaipeza itafa, thadzi litapita."

Gemu anaitsekera m'sutikesi yake, kiyi n'kumumangirira pa chitenje, kudikira munthu wopita ku Joni kuti akaibweze kwa Gerishon. Madzulo ake anamutenga Laimoni mpaka pakhomo pa Yunike, ndowa yodzaza mabatire ili m'manja mwa mwamunayo, kuti akafotokoze ndi pakamwa pake. Yunike anamvetsera mpaka kumapeto, n'kunena kuti, "Ndamva. Koma amene ananditchula wakuba pamjigo si a Laimoni."

Stelia anakapepesa pamjigo pomwepo, amayi onse akumva. Yunike analandira ndi mutu wokha.

Zonse pamodzi, gemu ya ku Japani inadya tambala mmodzi, misoti itatu ndi thadzi lofiira. Mazira awiri anasweka pamene Laimoni ankakoka lamawanga, otsalawo anaswa anapiye. Munda wa kumtunda mvula inaupeza wosalima theka. Yunike moni anayambiranso, koma kusunga Dalitso ayi, ndipo mpaka mwanayo anayamba kuyenda, Stelia kuchigayo ankapita mwana kumbuyo, thumba pamutu.