Chete Kumbuyoko

Madamu a kalasi yachitatu anakwatiwa ndi telala wodziwa kucheza. Atelala akayamba nkhani, ngakhale makina osokera ankakhala ngati achepetsa phokoso kuti amve nawo. Madamu anawakondera zomwezo. Nawonso Atelala anawasokera diresi la matumba akuluakulu, ati oikamo choko.

Koma chaka chimenecho ana anachuluka m'kalasi moti ena ankakhala m'mawindo. Madamu ankafika kunyumba mawu atasasa, mutu ukugunda, m'makutu mukulirabe "Madamu, uyu wanditsina!"

Tsiku lina akuchonga makope patebulo, amuna awo anali kumbuyo pamakina, akusimba za kasitomala amene ananenepa suti yake ya ukwati isanathe kusokedwa. Ankasimba uku akudziseka okha. Madamu, osatembenuka n'komwe, anawomba m'manja, pha! pha!

"Chete kumbuyoko! Wakuuza ndani kuti ulankhule?"

Makina anaima.

"Pepani, aphunzitsi," anatero Atelala motsitsa mawu.

Kuyambira pamenepo nkhani zinauma. Atelala sanakalipe ayi. Tiyi ankaphikabe, diresi ankasitabe, koma nyumba inali zii ngati chipinda cha mayeso. Bata limene Madamu ankalipempha kwa ana tsiku lonse analipeza kwawo, ndipo linawawawa. Kodi amuna awo adzasekanso?

Belu lowerukira litalira tsiku lina, Madamu anapita kukafuna mnzawo wophunzitsa masamu. Anamupeza m'kalasi mopanda ana, ali chosavala nsapato, akupukuta bolodi ndi kansalu konyowa, pang'onopang'ono, uku akung'ung'udza kanyimbo.

"Iwe, wapenga? Si ntchito ya ana imeneyo?"

"Ana amafufuta bolodi. Ine ndikufufuta m'mutu mwangamu. Nanga nkhopeyo yatani?"

Madamu anafotokoza zonse. Mnzawoyo anaseka mpaka kukhala padesiki.

"Ndiye chibalo wawapatsa chanji bambowo? Akusesa pabwalo?"

"Usaseke, mwali. Ukwati wanga ukuzizira."

"Uzizira kumene, ukupita nayo kalasi yonse kunyumba! Ine pageti sindituluka ndi kope ngakhale limodzi. Ndimachonga konkuno, zotsala zimadikira mawa. Uphunzitsi ndimaupachika pamsomali apo, pamodzi ndi kansaluka. Tavula nsapato."

"Ahedi akandiona?"

"Ahedi ali ndi zawo. Vula!"

Anavula. Simenti inali yozizira bwino, ndipo kuzizirako kunakwera m'miyendo mpaka m'mapewa, amene anangotsika okha. Analandira kansalu kaja. Manambala ankasowa limodzilimodzi, bolodi n'kumasanduka lakuda, lonyezimira ngati msewu mvula itangokata. Kunja mphepo inkasewera ndi kapepala pabwalo. Madamu anadabwa kumva mpweya wawo womwe ukulowa ndi kutuluka. Unali kuti miyezi yonseyi?

Kenako anakhuthula matumba a diresi, tizidutswa ta choko n'kugwera patebulo. Makope anawatsekera m'kabati. Pampopi anasamba m'manja mpaka kuyera kwa choko kunachoka m'zikhadabo. Panjira manjawo ankangolendewera, osadziwa chogwira.

Anafika kunyumba dzuwa likadalipo. Atelala anali pamakina, tepi ili m'khosi, phini ali pamlomo. Madamu anakoka kampando kamene amakhalapo makasitomala n'kukhala pafupi.

"Abambo, munthu wa suti uja zinatha bwanji?"

Atelala anachotsa phini pamlomo. Anayang'ana manja opanda makope aja, anayang'ana matumba ophwa a diresi. Kenako, pang'onopang'ono, anakweza mkono m'mwamba ngati mwana wa kutsogolo.

"Ndingalankhule, Madamu?"

"Madamu atsala kusukulu. Ndawapachika pamsomali."

"Sagwa?"

"Akagwa ndikawatola mawa. Kuno ndabwera ndine."

Mkono uja unatsika, n'kutera paphewa la mkazi wawo.

"Ndiye tamva, mkazi wanga. Munthu uja anabwera kudzayesa, n'kukoka mimba, osapuma. Ndati, achimwene, mukhala osapuma mpaka ukwati utatha? Batani linangoti thu! mpaka kwa aneba..."

Madamu anaseka ndi mawu awo osasa aja, ndipo makina anayambanso kulira.