Mlendo wa m'bokosi la ku Haddenby

Magdalene anakonzekera zonse za chinkhoswe kupatula bokosilo. Nkhuku anakagula ku Lafayette Road mumzinda wa Indianapolis momwe ankakhala, holo anabwereka ku South Bend, ndipo mchimwene wake Lucious, mkulu wa mpingo wosaseka ndi aliyense, anavomera monyinyirika kukhala nkhoswe ya Chiyamiko, mwana wamkazi wa Magdalene. Mkamwini wachingerezi sanawafike pamtima a Lucious, ndipo akanangoti ayi, ukwati ukanathera pomwepo.

Mkamwiniyo, Mervin, kwawo ndi ku Little Haddenby, kamudzi ka ku England ka tchalitchi chimodzi ndi nkhosa zochuluka kuposa anthu. Mayi ake ndiwo amasunga makiyi a kachipinda ka zinthu zakale zam'mudzimo, ntchito imene amainyadira ngati unduna. Atamva kuti pachinkhoswe mabanja amaonetsana zakwawo, anakapempha komiti ya mudzi kuti iwabwereke chuma chake chachikulu.

Ankhoswe atangopatsana tambala ndi msoti, mayiwo anatsegula bokosi, n'kukweza m'mwamba chigoba cha nyau, chofiira psu, nthenga zili yangayanga.

Amayi a ku Dedza anaphimba ana kumaso ndi zitenje, wina anathawira kukhitchini.

"Uyu ndi Old Tom," anatero mayiwo mwansangala, Chiyamiko akumasulira. "M'busa wina wa tchalitchi chathu anabwera naye kuchokera ku Nyasaland kalekale. Mwezi wa Meyi uliwonse mnyamata mmodzi amamuvala n'kutsogolera mudzi wonse kuzungulira chitsime. Mervin wanga wamuvalapo katatu!"

Mayo ine! Kunena poyera, pamaso pa amayi ndi ana, kuti m'chilombo mumakhala munthu? Magdalene anayang'ana mchimwene wake. Ankadziwa kuti basi, chinkhoswe chatha.

"Achimwene, chonde musakanselitse," ananong'ona. "Sakudziwa anthuwa."

A Lucious anavula jekete, n'kupita kutsogolo chowerama, n'kufunditsa chigobacho ngati khanda. Kenako anagwada, n'kuwomba m'manja mwakachetechete, akung'ung'udza kanyimbo kamene sikapezeka m'buku la nyimbo za mpingo uliwonse.

Apa m'pamene Magdalene anakumbukira chilimwe china ali ana, pamene Lucious anasowa pakhomo masiku angapo, anthu n'kumati wapita kwa azakhali ku Lilongwe. Azakhali ake ati? Mkulu wa mpingo uja anali wometa kudambwe la nyau, ndipo lero wadziulula yekha pamaso pa mpingo wake.

Ataimirira, maso ali ofiira, a Lucious anayang'ana Mervin.

"Mwana wathu tikupatsani. Koma agogo awa sabwereranso ku England. Akhalitsa kuchilendo, akupita kwawo ku Dedza."

Chiyamiko atamasulira, nkhope ya mayi aja inagwa. Anati komiti anailonjeza kuti akabweza chigobacho, ndipo popanda Old Tom mudzi wawo ulibenso mwambo. Misozi inali mbwembwembwe, ndipo Magdalene anawamvera chisoni chenicheni, pakuti nawonso chinthucho anakula nacho.

Mervin anatenga bokosi lopanda kanthu lija, n'kulitseka, n'kuwapatsa mayi ake.

"Amayi, chitsime tidzazungulira ndi nkhope zathu."

Nthungululu zinachedwa kuyamba, koma zinayamba. A Lucious anabwerera ku Indianapolis opanda jekete kunja kukuzizira, mtolo uja ataumangirira lamba pampando wakutsogolo wa galimoto. Magdalene anakhala kumbuyo.