Kiyibodi ya Penisimani

Kalata inabwerera pa sitima ya Lachisanu, ili mu envulopu yomwe ija imene Kalolaine anatumiza miyezi itatu yapitayo. Pamwamba pake munthu wina wa ku ofesi ya malo anali atalemba ndi inki yofiira kuti zolemba pamanja salandiranso. Ailembe ndi makina, mkulu wa chilumba adindepo chidindo, aitumizenso. Miyezi itatu kalata ili gone m'kabati ya munthu wolandira malipiro, ndipo ntchito imene anakwanitsa ndi timizere tiwiri tofiirato.

Kalolaine anawerenga ali chiimire padoko, anthu akumugunda ndi matumba a ufa. Lolemba likudzalo mwamuna wake Penisimani akwanitsa chaka ali m'manda. Mkazi wamasiye akapanda kupereka pempho lake chaka chisanathe, munda umachoka m'manja mwake, ndipo wachibale wamwamuna amene wayamba kutambasula dzanja ndiye amautenga. Mwana wamwamuna iye analibe. Anali ndi Sisilia yekha, amene amasambitsa nkhalamba za eni ku Sydney, ndipo mwana wamkazi salowa munda. Dzanja lotambasula linalipo kale, la mlamu wake Lopeti, mng'ono wa malemu, amene pamaliro analira kuposa aliyense maso ali kumunda wa zilazi.

Sitima imabwera kamodzi pamwezi. Imatsitsa katundu m'mawa, n'kutuluka madzi akadzaza pamatanthwe, ndipo tsiku limenelo madzi anali oti adzaza cha m'ma 3 koloko. Ikapita yapita.

Anayamba wapita kwa a Sitaleki, mkulu wa chilumba, kukawapempha kuti adinde pepala losalembedwa, iye akwere sitimayo akalembetse kumzinda. Anakana. Ati chidindo sichigwa papepala loyera. Ati abweretse kalata yolemba ndi makina, adinda pomwepo, ndipo akhala ali padoko mpaka sitima inyamuke. Amanena zimenezi atakhala pamkeka umodzi ndi Lopeti, mbale ya kava, chakumwa cha amuna chija, ili pakati pawo.

"Nanga makina si muli nawo m'nyumba, alamu?" anatero Lopeti. "Achimwene anasiya zonse. Kapena munagulitsa kale?"

Kalolaine anamangitsa mkeka wake wamaliro m'chiuno, wong'ambika uja umene wakhala akuvala pamwamba pa zakuda chaka chonse, n'kupita kukaitana mnzake Melenaite.

Makinawo analipodi. Penisimani anali mphunzitsi, ndipo atapuma ntchito ankalembera anthu makalata pa kompyuta yakale imene Sisilia anatumiza. Ankalembera aliyense: ofuna ntchito yothyola zipatso kunja, odandaula za nkhumba za anzawo, a kwaya. Kusukulu kunali ina, koma ahedi anapita nayo kokakonzetsa mwezi watha ndipo anali asanabwerere. Melenaite, mnzake wa Kalolaine kuyambira utsikana, anaphunzirako taipi asanakwatiwe. Pachilumba chonse ndiye yekha anatsala wodziwa kulemba ndi zala zonse khumi.

Anavundukula nsalu ya makungwa imene inaphimba kompyuta. Batire la sola linali lodzaza. Chinthucho chinayaka, n'kuimba kanyimbo kake kakale kaja, moti Kalolaine anacheukira kukhomo ngati pali amene akulowa. Panalibe.

Melenaite anavala magalasi, anatambasula zala, n'kudina chilembo choyamba. Pasikirini sipanatuluke kanthu. Anadinanso mwamphamvu, ndiye panatuluka zilembo zitatu zimene sanazipemphe. Batani lina linalowa pansi osabwereranso, chilembo chake n'kuyamba kuthamanga chokha, mzere, mzere, mzere, mpaka tsamba lachiwiri.

"Kalo, mwamuna wako akulemba yekha," anatero Melenaite.

"Akanakhala wakhama chotero, akanandilembera kalatayi ali moyo. Zimitsa."

Anazimitsa, anayatsa. Kompyutayo inkadzuka ngati nkhalamba yodwala msana, moti munthu ukanatha kusenda chinangwa cha banja lonse uli kudikira. Anazula chingwe cha kiyibodi, anauzira kukamwa kwake, anachilowetsa pabowo lina. Anayesa bowo lachitatu. Zinali zomwezo: mabatani ena ali zii, ena akulankhula atatu atatu, lija lolowa pansi likungothamanga. Melenaite analitokosa ndi chipini cha m'tsitsi mpaka linatuluka, koma linzake la pambali linalowa m'malo mwake.

Foni kumeneko imagwira pamwamba pa thanki ya madzi pokha. Kalolaine, mayi wa zaka makumi asanu ndi limodzi, anakwera makwerero ndi mkeka wake m'chiuno, mawondo akulira. Sisilia anayankha monong'ona, ali pantchito. Anati waimbira kale ku ofesi ija, chithunzi cha pafoni salandira, akufuna pepala lenilenilo. Anafunsa ngati azimitsa n'kuyatsa. Anafunsa za chingwe. Kenako anati atembenuze kiyibodiyo chadodolido, aimenye kumsana, mwina muli fumbi. Kalolaine anafuulira Melenaite kudzera pawindo. Kunamveka phaa, phaa, kenako bata.

"Tatsika udzaone," anatero Melenaite.

Patebulo panali nyerere. Osati ziwiri zitatu, mudzi wathunthu, zikuthawa ndi mazira awo oyera ngati mpunga. Pakati pawo panali zinthu zakuda zonanda zimene zinagwa m'mipata ya mabatani. Melenaite anagwira ndi chala, ananunkhiza, ananunkhizanso nsonga za zala zake zonse, n'kuyang'ana mnzake pamwamba pa magalasi.

"Awa ndi mafuta a kokonati, Kalo."

Kalolaine anakhala pansi.

Mphepo ya kunyanja imadya chilichonse. Msomali, loko, supuni, zipi ya diresi, ukangozisiya mwezi umodzi upeza zafiira. N'chifukwa chake Loweruka lililonse Penisimani ankakhala pakhonde ndi botolo la mafuta ndi nthenga ya nkhuku, n'kumadzoza chikwanje, mahinjesi a chitseko, mbedza, tcheni cha njinga. Atamwalira, mkazi wake anatenga botolo ndi nthenga ija. Zonse zimene mwamunayo ankagwira, iye ankazidzoza. Kiyibodi nayonso. Ankaivundukula, n'kudontheza kadontho pakati pa batani ndi batani, mzere woyamba mpaka womaliza, n'kuiphimbanso. Maloweruka oposa makumi asanu. Ndipo sanali mafuta wamba ayi, anali abwino aja ophika yekha ndi maluwa onunkhira, amene anthu amadzoza mkwatibwi.

"Ndimati isachite dzimbiri," anatero.

Melenaite anatsegula pakamwa kuti aseke, koma ataona nkhope ya mnzake anangomeza. Anati dzimbiri ndiye mulibedi. Anati tiye titsuke.

Anazula mabatani onse ndi chogwirira cha supuni. Kunsi kwake kunali phala la mafuta, fumbi ndi nyerere zakufa. Anatenthetsa madzi, anathira sopo, anapukuta ndi mswachi wa Penisimani umene unali ukadali m'kapu. Thupi la kiyibodi analiyanika padenga la malata, mabatani anawayala pamkeka pabwalo. Sitima inaliza hutala yoyamba ali mkati moyala.

Ndi nthawi imeneyo pamene Lopeti anadutsa, atavala malaya oyera, chikwama paphewa. M'thumba la malayalo munkasuzumira envulopu yofiirira. Kalata yake analembetsa kalekale kumzinda, chidindo chili pomwepo, inkangodikira kuti Lolemba lidutse. Anaima pampanda n'kuyang'ana pamkeka.

"Mukuyanika nkhono, alamu? Mundisungireko."

Kalolaine anamufunsa kumene akupita wotchena chotero. Iye anati kumzinda, dzino lamusautsa.

"Dzino lake ndi limene lili m'thumba la malayalo?"

Lopeti anaseka, anakankhira envulopu pansi ndi chala, n'kunena kuti lamulo sanalembe ndi iye. Anati munda ndi wa magazi, ndipo mlamu wake sadzagona ndi njala, azidzamupatsako zilazi. Azidzamupatsako. Zilazi zimene Kalolaine anabzala ndi manja ake, Lopeti akumwa kava pansi pa mtengo.

Sanathe kudikira kuti ziume bwino. Melenaite anabwezera mabatani, mzere wapakati ndi wapamwamba akuukumbukira ndi zala, ena akungoganizira. Atanyamula kiyibodi, pakona panadontha madzi. Anaipukuta ndi diresi lake, analowetsa chingwe, anadina. Palibe. Anadina mabatani onse ndi chikhato. Ngakhale kanyali kobiriwira kamene kankayaka pakona kanali katazima. Poyamba inkalankhula zamisala, tsopano inali itafa.

Kalolaine anakweranso pathanki. Sisilia atamva za mafuta anayamba kufunsa kuti amayi, bwanji osandifunsa. Mayi ake anamuuza kuti mafunso adzafunsa pamaliro ake, panopa anene chochita. Mwanayo anafwenthera, n'kunena kuti pali njira yoti zilembo zioneke pasikirini pomwepo, munthu n'kumazitola chimodzichimodzi ndi mawusi. Anayamba kutchula podina, mawu achingerezi okhaokha. Kalolaine ankawafuulira pawindo mmene khutu lake lawamvera, Melenaite n'kumayankha kuti zimenezo palibe. Foni inaduka kawiri. Kachitatu mayunitsi anatha. Melenaite anapitiriza yekha kutsegula uku ndi uku, akung'ung'udza, mpaka mwangozi timabatani tinatulukira pansi pa sikirini. Hutala yachiwiri inalira pomwepo.

Mawusi okha ndi amene anapulumuka nthenga ija, poti ankakhala m'dirowa. Kalolaine anaimirira kumbuyo kwa mnzake ndi kalata yobwezedwayo, akuwerenga liwu limodzilimodzi. Ine Kalolaine. Mkazi wamasiye wa Penisimani. Zilembozo zinali zazing'ono ngati nyerere zomwe zija. Melenaite, mayi woti pazala khumi amalemba tsamba madzi asanawire, lero ankasaka chilembo chilichonse ngati nsabwe m'mutu. Ankaphonya, n'kufufuta, n'kuphonyanso. Anadumpha moni, anadumpha mawu onse aulemu. Koma dzina la munda, malire ake ndi tsiku la imfa sizikanadumphika. Kalolaine sanathe kuthandiza kanthu. Ankangoyang'ana mthunzi wa thanki ukukwawira pakhonde.

Hutala yachitatu inalira ali pa nambala ya munda.

Pulinta inakoka pepala, inaganiza, inalilavula pang'onopang'ono. Inki inali yotuwa koma yowerengeka. Kalolaine anasaina ataimirira, n'kuthamanga. Anali asanathamangepo kuyambira tsiku limene anamuitana kuti Penisimani wagwa kumunda. Mkeka unkamumenya m'miyendo, patapata imodzi inatsala panjira.

Anapeza chingwe cha sitima atamasula kale, iyo ili pakati pa mpata wa matanthwe. Kumbuyo kwake kunaima munthu wa malaya oyera, ndipo anakweza dzanja. Padoko panali maboti atatu a injini. Kalolaine anapempha eni ake mmodzimmodzi, akutchula mayina awo, anthu oti Penisimani anawaphunzitsa kuwerenga. Wina anati mafuta alibe. Wina anati injini yakhala ikuvuta. Wachitatu, amene anakwatira mwana wa Lopeti, anangoyang'ana zala za kumapazi.

A Sitaleki analipo, monga analonjezera. Anatenga pepalalo, analiwerenga lonse mosafulumira, analiika pabondo, anauzira chidindo, n'kudinda bwinobwino pakona.

"Ndinanena kuti ndidinda," anatero pomubwezera.

Kalolaine anayang'ana chidindocho. Chinatuluka bwino, chilembo chilichonse chikuoneka. Anafuna kuwalavulira kumaso, koma m'kamwa munali mouma.

Anabwerera pang'onopang'ono, anatola patapata yake panjira. Melenaite anali atazimitsa kompyuta n'kusesa nyerere. Kalolaine anaika kalata patebulo, anaitsindira ndi kiyibodi yakufa ija, anaphimba zonse ndi nsalu ya makungwa. Kenako anatenga botolo ndi nthenga n'kukakhala pakhonde. Melenaite anamukumbutsa kuti Loweruka ndi mawa. Kalolaine anadzoza chikwanje mbali zonse ziwiri, anadzoza chitsulo chokumbira, anatseka botolo, n'kunyamuka kulowera njira ya kumunda.

"Zilazizo sizinakhwime, Kalo. Zatsala ndi miyezi iwiri."

"Ndikudziwa."

"Zivunda. Sungadye zonsezo wekha."

"Nkhumba zilipo," anatero Kalolaine osacheuka. "Sitima ibweranso pakatha mwezi. Lopeti akadzatsika ndi pepala lakelo adzapeze maenje."

Melenaite anaima kanthawi pakhomo, magalasi ali m'manja. Ndiye anawapinda, anatenga madengu awiri amene anali kuseri kwa thanki, n'kumutsatira.