Duwa la Ngodya Zisanu

Pa sukulu ya ntchito zamanja ija, kuseri kwa sitolo ya utoto ndi misomali, panalibe amene ankawatchula dzina lawo lenileni. Onse ankangoti Amanzere, chifukwa kangowe kolukira ankakagwirira kumanzere. Kwa zaka makumi awiri ndi zitatu dzanja limenelo linaphunzitsa azimayi kuluka, ndipo linawaliritsanso. Amanzere akaona polakwika sankataya malovu. Ankangosolola kangowe n'kukoka ulusi, ntchito ya mlungu wathunthu n'kusanduka mulu wopotanapotana pa tebulo. Kenako mawu amodzi okha: "Bwerezani."

Koma chakudza sichiimba ng'oma. Ng'ala inayamba ndi diso limodzi, n'kuwolokera linalo, mpaka zinthu zonse zinkaoneka ngati zili mu utsi. Ophunzira anayamba kunong'onezana kuti aphunzitsi ayamikira chipewa chobooka. Manong'onong'owo atafika ku ofesi, ahedi anawaitanitsa.

"Mayi, sindikukuchotsani ayi," anatero ahedi, "koma anthu akulankhula. Tilukireni kachikwama ka m'chiuno, ka maluwa kaja atsikana akukakonda masiku ano. Mukabwera nako Lachisanu la mlungu wamawa kali bwino, kalasi ndi yanube. Apo ayi, mukapume."

Kupuma kumeneko Amanzere ankakudziwa bwino: kukhala pakhonde pa mwana wawo, kuingitsa ntchentche, kudikira kuitanidwa kukadya. Anayankha kuti kachikwama kotero akhoza kukaluka atatsinzina. Pamenepo ndiye sanadziwe kuti akunena zoona.

Kachikwamako kamafuna tizigamba tisanu ndi kamodzi, titatu kutsogolo, titatu kumbuyo. Kalikonse kamakhala ndi ngodya zinayi ndi duwa pakati: kamtima kachikasu, timasamba tofiira, mzere wobiriwira, m'mbali moyera. Amanzere anakokera mpando pawindo, nakhala akuluka kachigamba kamodzi patsiku, mphuno itatsala pang'ono kugunda ulusi, akuwerenga chapakamwa.

M'nyumbamo ankakhala ndi mwana wawo wamwamuna ndi mpongozi wawo, telala wosoka mayunifolomu a ana a sukulu. Mpongoziyu kale anali wophunzira wawo. Tsiku lina Amanzere anamumasulira shawelo yonse pamaso pa kalasi, namuuza kuti dzanja lakelo ndi lomangira mbuzi, osati lolukira. Mtsikanayo analira, koma sanasiye sukulu, ndipo patapita zaka ziwiri anakwatiwa ndi mwana wa aphunzitsi omwewo. Amanzere sanamukhululukire zonse ziwiri.

M'mawa wotsatira kachigamba koyamba, mpongozi anaima pakhomo la chipinda chawo.

"Amayi, bweretsani ndikakuwongolereni ku shopu. Kuli simbi ya nthunzi, ngodya zimatuluka bwino."

Panalibe chodabwitsa. Woluka aliyense amadziwa kuti kachigamba kamafunika kukakoka ngodya, kukabaya ndi mapini ndi kukathira nthunzi kuti kagone bwino. Madzulo kankabwerako kali kobayidwa pa katoni, mpongozi akuti kasakhudzidwe mpaka kaumitsitse. Amanzere ankakayandikitsa kumaso, n'kuona chikasu, kufiira ndi kuyera zili m'malo mwake, mtima n'kukhala pansi. Tizigamba titakwana tonse, mpongozi anatitenga kukatilumikiza, kuika nsalu yam'kati, zipi ndi lamba. Zimenezo ndi za atelala, Amanzere sankadzichepetsa nazo.

Lachisanu kachikwamako kanayenda dzanja ndi dzanja m'kalasi. Ahedi anakamanga m'chiuno, natembenuka uku ndi uku ngati kamtsikana.

"Amene amati aphunzitsi atha ndi ndani? Aimirire timuone!"

Azimayi anaomba m'manja, ngakhale onong'ona aja. Amanzere anakhala chiwongokere pa mpando wawo, mtima ukuvina, nkhope ngati sizikuwakhudza.

Wophunzira wina anapempha kuti amuonetse poyambira duwa. Amanzere analandira kachikwamako, nayendetsa chala chachikulu pa timizati ta ulusi kufuna poyambira mzere. Chalacho chinaima. Woluka wamanzere amazungulira duwa mobwerera, ndipo timizati take timapendekera mbali yake. Iti tinkapendekera mbali inayo. Anapapasa kachigamba kachiwiri, kachitatu, natembenuza kumbuyo. Tonse tisanu ndi kamodzi tinali ta dzanja lamanja. Nsonga za ulusi zinali zobisidwa kupita ndi kubwerera katatu, momwe iwo okha ankaphunzitsira.

"Mudzaone Lolemba," anamuuza wophunzirayo, nanyamuka.

Sanapite kunyumba. Anatsika msewu wa masitolo akukhudza zipupa, mpaka anamva kulira kwa makina osokera. M'shopumo munkanunkha nsalu yatsopano ndi simbi yotentha. Mpongozi anali yekha, akupinda m'munsi mwa kabudula.

"Amake mwana, maluwa anga ali kuti?"

Makina anasiya kulira. Mpongozi anayang'ana kachikwama kali m'manja mwawo, ndipo sanayese n'komwe kukana.

"Ndinamasula, amayi. Ndinkalukanso pa nthawi ya nkhomaliro. Ulusi ndi wanu womwewo."

"Sindinafunse za ulusi. Onse munamasula?"

Mpongozi anatsegula kabati ya makina, natulutsa kachigamba kamodzi, nakapereka ndi manja awiri.

"Aka kanandikanika. Nsonga munaibisa kwambiri, ndinalephera kuipeza."

Amanzere anakagwira. Timizati tinali tawo ndithu, topendekera kwawo. Anawerenga ngodya ndi chala: imodzi, ziwiri, zitatu, zinayi, zisanu. Anawerenganso, zisanu zomwezo. Pakati pa duwa panali bowo loti chala chachikulu chinalowa osakhudza m'mbali. Atakayandikitsa kumaso anaona kuti timasamba tiwiri ndi tobiriwira pomwe pamayenera kufiira. Wophunzira akanawabweretsera chinthu chotere, akanachimasula asanakhale n'komwe pansi.

"Bwanji osandiuza?"

"Ndikanayambira pati, amayi? Inu mumauzidwa?"

Amanzere anakhala pa benchi ya makasitomala. Anatenganso kachikwama kaja nayamba kukafufuza, ngodya ndi ngodya, mzere ndi mzere, monga ankachitira ndi ntchito za ophunzira. Ankafuna pamodzi pokha pamene ulusi wakokedwa kwambiri, kamzati kamodzi kodumphidwa, chilichonse choti anene. Mpongozi anaima pambali, manja kumbuyo, ngati ali m'kalasi muja. Cholakwika panalibe. Dzanja lomangira mbuzi lija linali litaluka chinthu chimene iwo, ngakhale maso ali bwino, akanachinyadira. Zinawapweteka koposa ng'ala.

Anapisa m'thumba la juzi, natulutsa kangowe kawo kachitsulo, kosalala chifukwa cha zaka, nakaika m'kachikwamamo. Anatseka zipi, nakasiya pa makina.

"Lolemba mukapite ndinu. Mukawauze ahedi kuti wamanzere wapuma."

"Amayi, musatero. Ine ndimafuna kuti mukhalebe pa ntchito. Ndizikulukirani, palibe adzadziwe."

"Ine ndadziwa," anatero Amanzere. "Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, zimenezo sindikana. Mukanandimasulira pamaso pa anthu, monga ndinakuchitirani ine, bwenzi lero tikufanana. Koma inu mwandimvera chisoni. Chimenecho ndibweza ndi chiyani?"

Mpongozi anafuna kuwaperekeza, iwo anakana, natuluka akukhudza zipupa zomwe zija, kachigamba kali chofumbata m'dzanja lamanzere.

Atafika kunyumba anakhala pakhonde. Ntchito yolakwika sankaisunga, imeneyi ndiye ayi, ndipo anaganiza zoimasula okha ndi dzanja lawo. Anayamba kufuna nsonga ya ulusi, akutsina m'mbali moyera, akuzungulira ngodya zisanu zija. Anazungulira kawiri, katatu, kakhumi. Nsongayo anaibisa bwino zedi, kupita ndi kubwerera katatu, monga woluka weniweni. Anali akuifunabe pamene mdzukulu wawo anasuzumira pakhomo n'kuti, "Agogo, akuti mubwere mudzadye."