Tsiku Limene Sumani Sanaitane Kumadzi

Sumani sanabadwire kunyanja. Kwawo ndi ku Chiponde, kumalire, kumene anakula akupalasa njinga ya kabaza, kunyamula amalonda ndi mitolo yawo. Nkhafi anaigwira atakula kale, ukwati utamukokera kufupi ndi Nkopola, kwawo kwa mkazi wake Safia. Koma munthu wa kabaza sasowa chochita. Pasanathe zaka zitatu anali atalembedwa ntchito pa loji ina ya m'mbali mwa nyanja, yoperekeza alendo pa makayaki, timabwato tapulasitiki tija tokwera anthu awiri. Chizungu chake chinali chotola pamsewu, koma pakamwa panali pakuthwa. Ankadziwa poimbira mluzu kuti nkhwazi itsike, ankadziwa miyala imene nsomba zokongola za mbuna zimabisalamo, ndipo pachilumba cha Namiyala ankayendapo ngati pakhonde pake. Alendo ankamukonda, nayenso ankadzimva, tisabise.

Kumudzi nkhani inali ina. Kumeneko Sumani anali mkamwini basi. Nyumba yake ya malata anaimanga pamalo a apongozi ake, Abiti Swadick, mayi wamasiye wosachuluka mawu. Mwinimbumba anali mchimwene wa mayiwo, Che Jaffalie, msodzi wakale amene sanakondwere nawo ukwatiwo chiyambire. Iwo ankati mwamuna wosadziwa kusoka ukonde, wodya za kusekerera azungu, si mwamuna woti n'kumupatsa mwana. Kawiri konse anamuuza pamaso kuti mkamwini asamakule mwendo, ndipo akadzangolakwa chachikulu adzabwerera ku Chiponde ndi chikwama chimene anabwera nacho. Sumani ankadziwa kuti akuluwo sankaseka.

Tsono pali mwambo umene aliyense wa m'mbali mwa nyanja amaudziwa. Chimangireni maloji mipanda yawo mpaka m'madzi, amayi a m'mudzimo anasowa dooko losambapo. Anayamba kuwoloka m'mawa pa bwato kupita ku Namiyala, poti si patali, kukachapa ndi kusamba pa kagombe kobisika kuseri kwa thanthwe lalikulu. Mwamuna aliyense wodutsa kumeneko amaima thanthwe asanalizungulire, n'kufuula kuti, "Kumadziko!" Akamva kuti "Dikirani!" amadikira. Akamva kuti "Dutsani!" amadutsa. Ngakhale woledzera amaitana. Ngakhale msodzi wothamangira msika nsomba zikuvunda m'bwato amaitana. Sumani anauphunzira mwambowo sabata yake yoyamba, ndipo anali asanauphonyepo.

Mwezi wa Juni kunabwera mlendo wachikulire, bambo Allan, munthu wofatsa, wa imvi mutu wonse, wonyamula kamera yaitali ngati munsi. Iyeyu sanadzere nkhwazi kapena kusambira. Anadzera katumbu, kanyama ka m'madzi kodya nsomba ndi nkhanu kaja. Masiku atatu anazungulira chilumbacho ndi Sumani, katumbu osaoneka. Tsiku lachinayi linali lomaliza. M'mawa mwake msodzi wina anatsina khutu Sumani kuti akatumbu awiri akumadya nkhanu pa miyala yongopitirira pang'ono kagombe ka amayi.

"Lero mumuona, bwana. Mukapanda kumuona munditchule dzina lina," anatero Sumani akumanga lamba wa jekete yoyandamitsa ya mlendoyo. "Koma pakhale chete. Katumbu akangomva chifuwa chokha, walowa pansi."

Anapalasa pang'onopang'ono, mlendo kutsogolo, Sumani kumbuyo. Atayandikira thanthwe lija, Sumani anaona zitenje zitayanikidwa pamwamba pake. Chimodzi anachizindikira nthawi yomweyo, chobiriwira cha maluwa achikasu. Anachigula yekha ku Chiponde, n'kutumiza Safia kuti akapereke kwa apongozi pa Idi. Apa ndiye palibe chonamizira. Munthuyu anadziwa kuti kuseriko kuli anthu, ndipo anadziwa kuti ndani.

Anakoka mpweya kuti aitane. Nthawi yomweyo, patsogolo pa miyala ya kutali, kamutu kakuda kanatumphuka m'madzi. Bambo Allan anatembenuka, maso ali gwa, nkhope ikuwala ngati mwana woona galimoto koyamba. Sumani anaumeza mpweya uja. Mumtima anati mwina amaliza kale kusamba, akungodikira zovala ziume. Anatinso tikadutsira patali, titayang'ana kunyanja, palibe adzationa. Maganizo otere amabwera msanga munthu akafuna zinthu ziwiri nthawi imodzi, ndipo akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa.

Anaiwala mwera. Mphepoyo inali itayamba kuwomba, ndipo atangotuluka kuseri kwa thanthwe inakankha kayaki ija cham'mbali, n'kuilowetsa m'kagombe mwenimweni, mwakachetechete, mphuno yake kuloza kumtunda.

Kunamveka mkuwo. Amayi ena anathawira kuseri kwa miyala, ena anagwira chilichonse chinali pafupi, wina mpaka anadziphimba ndi beseni. Abiti Swadick okha sanakuwe. Anali ataima m'madzi ofika m'maondo, sopo ali m'mutu, patali ngati pakhomo ndi pankhokwe. Maso awo ndi a Sumani anakumana. Zaka zitatu za ukwati, anthu awiriwa anali asanayang'anizanepo m'maso. Akakumana panjira, Sumani ankapatukira kutchire, n'kunjuta, moni n'kuperekera kumbali. Lero anawaona apongozi ake monga anabadwira. Mayiwo anangokhala pansi m'madzi pang'onopang'ono, mpaka madzi anafika m'khosi, n'kutembenuzira nkhope kuthanthwe.

Sumani anapalasa chobwerera ngati wamisala, madzi akuthovokera mlendo kumsana. Atazungulira thanthwe, atabisika kale, m'pamene pakamwa pake panatseguka pokha.

"Kumadziko!"

Palibe anayankha. Madzi akatayika saoleka.

Bambo Allan anali ataphimba nkhope ndi chipewa. Atachichotsa anamuonetsa Sumani kamera, kuti aone yekha kuti sanajambule kanthu. Kenaka anafunsa mofatsa ngati mawu amene wafuulawo ndi ochenjeza, ndipo ngati amayenera kunenedwa asanafike. Sumani anavomera ndi mutu. Mkuluyo ananena kuti Sumani akanamuuza, iye akanadikira mosavuta, katumbu si kanthu. Akanakalipa zikanakhala bwino. Ulemu wa mlendoyo unamuwawa Sumani kuposa kumenyedwa khofi, poti unamulanda ngakhale munthu womunamizira.

Nkhani inafika kumudzi iye asanafike. Podutsa pachigayo amayi anasiya kulankhula, ena kufunda mipango kukamwa. Kunyumba anapeza Safia atakhala pamkeka, akusankha mpunga, osadzutsa mutu.

"Ndinaitana," anatero Sumani asanafunsidwe n'komwe. "Mwera ndi umene unatenga mawu. Ukudziwa mmene unawombera lero."

Safia anangoti, "Amjomba, Che Jaffalie, akuti mawa mukhalepo, akatuluka kumzikiti ku swala ya masana."

Mawa lake anakhala pansi pa mtengo wa mango pabwalo la Abiti Swadick. Panali Che Jaffalie pampando wa ndalema, abale angapo, ndi amayi atatu mwa amene anali kumadzi, mmodzi wa iwo dzina lake Ndaona. Abiti Swadick anakhala kuseri kwa mpanda wa bango, atafulatira, kungooneka mpango wa kumutu. Sumani anakhala pansi penipeni, miyendo atapinda, maso pa nyerere.

Che Jaffalie sanazungulire. "Ife pano tinabadwira m'madzi, tidzafera m'madzi, koma sitinamvepo mkamwini wopita ndi mzungu kukaonerera apongozi ake akusamba. Wallahi sitinamvepo. Ngati sanaitane, ameneyu si munthu wokhala naye pamudzi. Mwana wathu titenga, nyumba asasule malata ake azipita. Ndaona, iwe unalipo. Unamva kuitana?"

Ndaona, mayi woyandikana nawo nyumba, sanachedwe. "Ine ndinamva atadutsa kale, Che Jaffalie. Asanafike kunali zii. Tinangoona chibwato chachikasu chili pamphuno pathu."

"Nanga inu achimwene a ku Chiponde, mukuti bwanji?"

 Sumani anaganiza za nyumba, za Safia, za njinga ya kabaza imene anagulitsa kalekale. "Ndinaitana, amjomba. Kawiri. Mphepo inali yambiri."

Che Jaffalie anaseka kuseka kopanda mano. Anatembenukira kumpanda. "Chemwali, mwini nkhani ndinu. Mwamva zonse. Munamva kuitana kapena ayi?"

 Nkhuku inadutsa pakati pa bwalo, palibe anaiingitsa. Kenaka mawu anatuluka kuseri kwa bango, otsika, osanjenjemera.

"Anaitana. Ine ndinamva."

"Chemwali, mukunena zoona?"

"Makutu ndi anga, achimwene. Anzangawa ankachapa, ankaseka, sakanamva. Ine ndinamva, koma sopo anali m'maso, ndinachedwa kuyankha. Mwanayu analakwa kudutsa asanayankhidwe, zimenezo mumuuze. Koma kuitana anaitana."

Ndaona anangoyang'ana kumpanda. Ndani angatsutse mayi wamkulu pa nkhani ya thupi lake lomwe? Che Jaffalie anapukusa mutu, n'kulamula kuti Sumani asadzadutsenso ndi alendo mbali imeneyo ya chilumba, ndipo mlandu unathera pomwepo.

Munthu wina akanapuma n'kuthokoza Mulungu. Sumani anamva ngati amuthira madzi otentha kumsana. Manyazi a dzulo anali aang'ono poyerekeza ndi awa. Mayi amene iye anawavula pamaso pa mlendo ndi amene amuveka pamaso pa abale, ndipo amuveka ndi bodza, mayi woswali kasanu patsiku amene mudzi wonse unkadziwa kuti sanama. Anadzuka theka, bondo limodzi lili pansi, kuti anene zoona zonse. Che Jaffalie anamuyang'ana.

"Pali china?"

Apo m'pamene anaona msampha umene anadzitchera yekha. Akanena kuti sanaitane, ndiye kuti akunena kuti apongozi ake anama, pamaso pa mchimwene wawo, pamaso pa Ndaona amene pakamwa pake sipagona. Akhala atawachititsa manyazi kachiwiri m'masiku awiri. Choonadi chimene chikanamupeputsa mtima chinali chitasanduka mwano.

"Palibe, amjomba. Ndimangoti zikomo."

Anakhalanso pansi, ndipo anthu anabalalika.

Masiku anapita. Bambo Allan anabwerera kwawo, alendo ena anabwera, nkhwazi zinkatsikabe zikamva mluzu. Amayi a m'mudzi anapitiriza kuwoloka m'mawa kupita ku Namiyala ndi mabeseni awo. Koma Abiti Swadick sanakwerenso bwato lija. Mayi amene anasamba m'nyanja kuyambira ali kamtsikana anayamba kutunga madzi mu ndowa, kusenza kuchokera kugombe, kukwera kamtunda konse kaja, kukasambira kubafa ya udzu kuseri kwa nyumba. Njira yochokera kugombe imadutsa pakhomo pa Sumani. M'mawa uliwonse, iye akumanga nsapato kuti apite kuntchito, ankamva mapazi awo olemera ndi madzi akukhavukira pansi. Ankathawira m'nyumba, n'kuima kuseri kwa chitseko mpaka adutse. Pofika pamtunda mayiwo ankaima, dzanja lili m'chiuno, kupuma kaye.

M'mawa wina analephera kupirira. Safia anali akusesa pakhonde.

"Safia, ine sindinaitane."

Tsache silinaime. "Ndikudziwa."

"Anakuuza ndi amayi?"

"Amayi sananene kanthu, ndipo sadzanena. Ndinadziwa tsiku lomwelo, mmene munalowera muno n'kuyamba kuyankha funso limene sindinakufunseni."

"Nanga bwanji unangokhala chete?"

Apa Safia anaimika tsache, n'kumuyang'ana. M'maso mwake munalibe ukali, ndipo zimenezo zinamuopsa kwambiri. "Mumafuna ndinene chiyani? Amayi anasankha kuti ine ndisakhale wopanda mwamuna. Ine ndiwatsutse?"

Sumani anayang'ana kunjira. Abiti Swadick anali atafika pakati pa kamtunda, ndowa ili pamutu, chitenje chanyowa mbali imodzi.

"Pita ukawauze kuti madziwo ndizitunga ndine. M'mawa uliwonse, ndisanapite kuntchito. Ndiziwasiyira pakhomo pa bafa, sadzandiona n'komwe. Chonde, Safia, kawauze."

Safia anatsamiritsa tsache kukhoma n'kutsetsereka. Sumani anawaona ali chapatali, mayi ndi mwana wake, akulankhula motsitsa. Mayiwo sanatule ndowa, sanayang'anenso kunyumba kwa Sumani. Posakhalitsa Safia anabwerera yekha, n'kutolanso tsache lake.

"Akuti bwanji?"

"Akuti zikomo, koma madzi awo osamba azitunga okha. Akuti inu fulumirani, alendo anu angakudikireni."

Sumani anaima pakhomopo, nsapato imodzi yomanga, ina yosamanga. Apongozi ake anadutsa ndi ndowa yawo, nkhope atatembenuzira kumbali, ndipo iye anachedwa ngakhale kuthawira m'nyumba.