Malo Akumbuyo kwa Bwato

Kalata ya kapitawo wa kampani ya mabwato a katundu inali yaifupi. Ankafuna woongolera mmodzi. Amene atsike mtsinje wonse pabwato lopalasa, kuchokera pa mlatho wa njanji mpaka kudoko lakumunsi, pasanafike pa 22 Juni, ntchito ikhala yake. Ine ndinali nditadikira mwayi umenewu zaka zisanu ndi chimodzi.

Ulendo wotere sapalasa munthu mmodzi. Mkazi wanga anati nditenge mlongo wake. "Akungokhala pakhomo. Akawongoleko miyendo." Chikwama cha alamuwo anachilongedza yekha, n'kuchikulunga m'pulasitiki.

Pabwato pali malo awiri. Wakutsogolo amapereka mphamvu. Wakumbuyo amayang'ana madzi n'kusankha njira, ndipo ulendo umakhala wake. Aliyense wokulira pamtsinje amadziwa zimenezi.

Tinanyamuka pa 4 Juni, ine kumbuyo, alamu kutsogolo. Nkhafi yawo inkandiwaza madzi kumaso.

"Alamu, mukupalasa kapena mukundisambitsa?"

"Ndikukutsukani, mukafike kwa abwana muli mbee."

Pa 9 Juni anayamba mafunso. Bwanji tadzera kumanzere kwa chilumba? Mwadziwa bwanji kuti apo pali mwala? Ndinkawayankha zonse. Ndinawauza kuti madzi akasalala ngati mafuta pakati pa timafunde, pansi pali thanthwe, ndiponso kuti mvuu suidutsa mbali ya madzi akuya, chifukwa n'kumene imathawira. Tikaima, ndinkalemba m'kabuku tsiku, maola amene tapalasa ndi njira ya pamathithi alionse. Iwo ankawerenga kabukuko poyanika zovala. Ine zinkandisangalatsa.

Pa 14 Juni anapempha kuyesako kumbuyo. Ndinawapatsa ola limodzi pamadzi abata, ndipo anatilowetsa m'bango kawiri.

M'mawa wa pa 21 Juni, tsiku la 18, tinatsala ndi makilomita anayi.

"Alamu, kachigawo aka kokha," anatero. "Nanenso ndikauze ana anga kuti ndinaongolerapo."

Tinasinthana pamchenga. Tinapangana kuti tikafika pamene mtsinje wakhota, aliyense abwerere pamalo pake. Titafika pokhotapo, bwato silinapite kumtunda.

"Pano pali ng'ona," anatero alamu. "Tisinthana kutsogoloko."

"Palibe ng'ona pano. Kochezani."

Anangopitiriza kupalasa. Pakati pa madzi anthu awiri sangasinthane malo, bwato limagubuduka. Ndinayesa kulikhotetsa, koma wakutsogolo sangapose wakumbuyo. Ndinaika nkhafi pamiyendo. Madzi anatitenga okha, ndipo doko linaoneka.

Kapitawo anali ataima pamatabwa. Analandira chingwe kwa ine osandiyang'ana, n'kupereka dzanja kwa alamu.

"Masiku angati?"

"Khumi ndi asanu ndi atatu, bwana." Alamu anatulutsa kabuku kanga m'malaya mwawo.

"Bwana, waongolera ulendo wonse ndine," ndinatero. "Kabukuko n'kanga. Onani kalembedwe."

"Wolemba ndili naye kale muofesi," anatero kapitawo. "Ine ndimatenga zimene ndaona. Wafika ali kumbuyo ndi uyu." Anatembenukira kwa alamu. "Mathithi achitatu munadutsa bwanji?"

"Kumanja, bwana, moyandikira thanthwe lakuda. Ukamva mkokomo, usapalase. Uwerenge mpaka khumi."

Anali mawu anga a pa 12 Juni, osachotsapo ngakhale limodzi.

Kapitawo anawauza kuti akasinthe zovala, akajambulidwe chithunzi cha chiphaso. Alamu anamasula pulasitiki ya chikwama chija. Munali malaya oyera ositidwa bwino ndi nsapato zopolisha. Ndimadziwa mmene mkazi wanga amapindira malaya, manja amawaika mkati ndipo kolala imakhala pamwamba.

"Musade nkhawa, alamu," anatero akumanga mabatani. "Ntchitoyi yalowabe m'banja lomweli."

Bwato ndinalisiya lomangirira padoko. Ndinabwerera pa lole, ulendo wa masiku awiri, ndipo ndinafika pa 23 Juni masana. Mkazi wanga anali pakhonde. Anandilandira chikwama n'kufunsa ngati mlongo wake wayamba kale ntchito.

Ndinali ndisanamuuze kalikonse.

"Ayamba pa 1 Julayi," ndinatero.